Kwaya Yathu pa Tsamba la Tsinde

Chikale, Nkhata Bay
9 Malichi 2025

Okondedwa Achimwene a Lumbani,

Mwe uli? Kuno tili bwino. Ama akupereka moni, akuti mwendo wasiya kutupa. Ndalemba papepala monga kale, ndijambula ndi foni n'kukutumizirani, chifukwa ndikamatayipa zala zimathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Laputopu yanu yakale ikugwirabe ntchito. Ndikamaliza kuchapa mashiti ku loji ndimakhala nayo pakhonde la kuseri mpaka batire ithe. Tsinde ija munandiphunzitsa pa Khirisimasi, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta m'mawu a Chichewa, ndafika nayo pa phunziro 14. Koma yandichititsa manyazi.

Ku kwaya ya tchalitchi kunali kukanganakangana pa za amene ayambitse nyimbo Lamlungu lililonse. Ndinati ndithandize. Ndinalemba mayina 12 pa mndandanda, pamwamba penipeni Mayi Naomi chifukwa ndiwo aakulu pa tonse. Ndinauza pulogalamu kuti sabata yoyamba itenge nambala 1, yachiwiri nambala 2, mpaka masabata 8, otsalawo adikire ulendo wina. Zimene inatulutsa ndinakopera papepala n'kukamata pachitseko cha tchalitchi. Dzina lililonse ndinaliyang'ana katatu kuti lisalakwike chilembo. Koma dzina limene panalibe sindinaliyang'ane.

Mayi Naomi anawerenga pepalalo pamaso pa onse, n'kunena kuti, "Zaka makumi atatu ndikuyimba muno, lero makina a mwana wa a Mhone andiika m'manda ndili moyo." Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana zala za kuphazi.

Nditabwerera ku phunziro 9 ndinapeza kuti Tsinde imawerenga kuyambira pa ziro. Mayi Naomi anali nambala 0. Achimwene, ndani amawerenga choncho? Kudoko akamatsitsa matumba m'sitima ya Ilala palibe amene amati thumba la ziro. Inu ndinu mwana woyamba wa Ama, si mwana wa ziro.

Kodi eni ake a Tsinde ndani, ndipo ofesi yawo ili kuti? Ndikufuna kuwapempha mwaulemu kuti akonze.

Mundiuzenso za kiyi ija. Munati mwawathandiza zaka ziwiri, ndipo mu Julayi akambirana zokupatsani kiyiyo, chilolezo chosintha zinthu mu Tsinde nokha, ndiponso kalata imene ingakuthandizeni kupeza ntchito, musiye kukonza mafoni pamsika. Ama akupempherera kiyiyo tsiku lililonse. Sindinawauze kuti si yachitsulo.

Mlongo wanu,
Wezi


Kawale, Lilongwe
16 Malichi 2025

Wezi wanga,

Kalata yako ndinawerengera pabenchi ya ntchito, ndinaseka mpaka kasitomala anaganiza kuti ndikuseka foni yake. Mwana wa ziro! Uwauze Ama kuti mwana wawo wa ziro ali bwino, kungoti wasowa kondowole.

Ofesi ya Tsinde ndi thebulo lodyera la Mayi Rosina ku Zomba, ukasuntha mbale. Iwowo ndi mphunzitsi wa masamu, ndiwo anayambitsa. Pali a Morgan ku Blantyre, ndi ena awiri kunja. Basi. Malipiro awo ndi zikomo, ndipo nayenso zikomoyo amachedwa kufika.

Ali ndi tsamba pa intaneti lotchedwa Bwalo la Malingaliro, aliyense amalembapo zimene akufuna zisinthe. Ndakutumizira linki. Lemba zimene zinachitika, uikepo ndi pulogalamu yako. Ine sindingakunenere, iyi ndi nkhani yako. Koma ndikuchenjeze: ziro uja ndi nkhalamba ya zidzukulu zambiri, kumusuntha si ntchito ya tsiku limodzi. Ulembe, kenako uiwale.

Za kiyi zili m'njira. A Morgan anati ndine mmodzi mwa anthu amene sawapweteketsa mutu. Kwa a Morgan mawu amenewo ndi kukupsompsona.

Mayi Naomi uwagulire sopo, mtima ukhala pansi.

Ndine,
Lumbani


Chikale
30 Malichi 2025

Okondedwa Achimwene,

Yewo chifukwa cha kalata. Tili bwino, mvula ikugwabe, mashiti sakuuma.

Ndinalemba pa Bwalo lija Lachiwiri, pa 18. Ndinayamba ndalemba m'kope kasanu ndi kamodzi ndisanatayipe. Ndinayamba motere: "Ine ndine Wezi Mhone wa ku Chikale, Nkhata Bay, mlongo wake wa Lumbani Mhone amene amakuthandizani." Ndinatero chifukwa munthu safika pakhomo pa akuluakulu osanena kuti ndi mwana wa yani. Kenako ndinafotokoza za Mayi Naomi, ndipo ndinapempha kuti Tsinde iziyamba kuwerenga pa 1 monga anthu onse.

Lero ndi tsiku la 12. Palibe yankho. Ndimayang'ana m'mawa, masana ndi poweruka. Mwina ndinalakwitsa penapake? Ndawerenganso, ndapeza kuti sindinaike moni wa mabanja awo. Kodi ndi chimenecho?

Sopo ndinagula. Mayi Naomi analandira ndi dzanja lamanzere.

Mlongo wanu,
Wezi


Chikale
20 Epulo 2025

Okondedwa Achimwene,

Pasaka wabwino. Kalata yanga yapita ija simunayankhe, ndikudziwa kuti ntchito yachuluka. Ama akufunsa ngati mukudya.

Mwezi wathunthu unakwana popanda yankho. Ndinayamba kuganiza kuti aona kuti ndine wa Sitandade 8, wochapa mashiti, n'chifukwa chake angodutsa. Ndinadandaulira a Paston, aja a golosale ya pafupi ndi depoti, amene amayimba besi.

Anati, "Iwe Wezi, unaonapo ofesi ikuyankha munthu mmodzi? Mjigo wa kwathu unakonzedwa titapita anthu makumi anayi kukakhala pakhonde."

Ndinati, "Achimwene akuti alibe ofesi, ndi thebulo lodyera."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Lumbani unamuiwala nthabwala zake? Limenelo ndi bungwe. Bungwe lopanda galimoto unaliona kuti? Nkhani yopanda mboni ngakhale ku seshoni ya mpingo saimva."

Ndinaganiza kuti akunena zoona, chifukwa inu mumakondadi kuseleula.

Ndiye dzulo titamaliza pulakatisi, tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja, a Paston anatsegula intaneti ya pafoni yawo kuti tonse tigwiritse ntchito. Ndinathandiza aliyense kulembetsa dzina pa Bwalo. Zinatenga maola awiri. Ndinawauza kuti alembe kuti akugwirizana nane, mwaulemu. Analemba anthu 26, ngakhale Mayi Naomi. Sindinathe kuwerenga onse chifukwa batire inatha.

Tsopano sangathe kunena kuti sanamve. Ndikhulupirira kuti aonanso kuti kwanu kuli anthu ambiri okonda Tsinde, mwina zikuthandizani pa za kiyi.

Mlongo wanu,
Wezi


Kawale
22 Epulo 2025

Wezi,

Popeza sunawerenge, ndikuwerengere.

A Paston analemba kuti: "Mwadya ndalama za azungu mwakhuta, yankhani mwana wathu." George wa m'kwaya yanu analemba kuti: "Lumbani auze mabwana ako asatizolowere." Wina analemba kuti abwera ndi nyuzipepala. Ena onse anangolemba kuti "tikugwirizana", kokwana ka 23.

Sindinali kuseleula. Kulibe azungu, kulibe galimoto. Ndalama yolipirira tsambalo Mayi Rosina amachotsa pa malipiro awo a uphunzitsi.

Mayi Rosina anabereka pa 21 Malichi, masiku atatu iwe utalemba. Mwana anabadwa miyezi isanakwane. Mpaka lero ali kuchipatala, mwana ali pachifuwa usana ndi usiku kuti asazizidwe. Uthenga uliwonse wa pa Bwalo ukafika, foni yawo imalira. Loweruka inalira ka 26. Anaganiza kuti Tsinde yawonongeka m'masukulu, anapempha namwino awagwirire mwana kuti aone.

A Morgan atseka nkhani yako, palibe angalembeponso. Dzulo anandiimbira. Anandifunsa kuti, "Kodi ndiwe unatuma abale ako kuti atikakamize tisanakupatse kiyi? Nanga tikakupatsa, kwaya ikadzafuna china, udzakana?" Dzina langa lili pamzere woyamba wa pempho lako, Wezi. Ndikanayankha chiyani?

Zaka ziwiri.

Lumbani


Chikale
23 Epulo 2025

Achimwene,

Ndawerenga kalata yanu ndili chiimire pa chingwe choyanika. Ndinakhala pansi pomwepo, shiti ya alendo inagwera m'matope.

Sindikudziwa poyambira. Munandiuza kuti ndi thebulo lodyera, ine ndinakhulupirira a Paston kusiya inu. Munati ndilembe ndiiwale, ine ndinawerenga masiku. Dzina lanu ndinaliika ndikuyesa ulemu. Sindinadziwe kuti ndikulipereka kuti anthu apondepo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Koma ndikufuna kukonza. Loweruka ndiwasonkhanitsa onse 26 kuti aliyense alembe kupepesa kwa Mayi Rosina. Popeza tsamba latsekedwa, mundipatse nambala yawo.

Wezi


Kawale
23 Epulo 2025

Usayerekeze. Mauthenga 26 opepesa ndi mauthenga enanso 26. Usachite chilichonse.

L.


Chikale
25 Meyi 2025

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Mwezi watha osamva mawu anu. Makalata awiri amene ndinalemba pakatipa ndinang'amba, chifukwa anali odzidandaulira. Iyi ndiyesetsa ikhale ya nkhani zokha.

Ama anadziwa. Anaona kuti sindikudya, ndipo simukuimba Lamlungu monga kale. Nditawafotokozera, za ziro sanazimve, koma za mwana anazimva. Anasiya kusenda chinangwa n'kunena kuti, "Munthu ali m'chikuta, inu n'kupita ndi kwaya yonse kukamuimbira ng'oma pakhomo? Ndinakulera ine iwe?" Sanakalipe kuposa pamenepo. Bola akanandimenya.

Ndinapita ku golosale ya a Paston. Ndinazungulira depoti kawiri ndisanalowe. Ndinawauza zonse.

Anati, "Aaa, ndiye amagwira ntchito yaulere? Anthu ophunzira?"

Ndinati, "Inu mukamayimba besi amakulipirani zingati?"

Anayamba kupukuta kauntala yopanda fumbi. Kenako anati, "Ndiye ndilembe kupepesa."

Ndinati, "Ayi. Achimwene akana. Mungodziwa basi."

Anandipatsa paketi ya mabisiketi kuti ndikutumizireni. Ndinakana, koma anaiika m'thumba mwanga. Ili pano.

Ku kwaya ndinawauza onse nditaimirira. Aka kanali koyamba kuyankhula pagulu chibadwire. Mayi Naomi anati, "Ine ndinangolemba chifukwa dzina langa ndi limene linasowa. Mwanayo ndi wamkazi kapena wamwamuna?" Sindinadziwe. Ngati mukudziwa mundiuze, akufuna kumutchula m'pemphero.

Munati ndisachite chilichonse, ndipo kwa iwo sindinalembe kanthu. Koma mawu anu aja akuti ziro ali ndi zidzukulu zambiri akhala akundibwerera. Sindinakufunseni kuti zidzukuluzo ndi zingati. Patsamba la Tsinde pali malo amene masukulu amaikapo mapulogalamu a ana kuti ena aone. Alipo 214. Ndagula makope awiri. Ndikutsegula imodziimodzi, kuwerenga mzere ndi mzere, n'kulemba ngati ikanawonongeka Tsinde ikanachita zimene ndinapempha. Patsiku ndimatha asanu kapena asanu ndi awiri batire isanathe. Sindikudziwa ngati zili ndi phindu. Ndikungofuna kudziwa kukula kwa chinthu chimene ndinapempha.

Simuyenera kuyankha.

Mlongo wanu,
Wezi


Chikale
22 Juni 2025

Okondedwa Achimwene,

Moni wa kwa Ama ndi ine. Mwera wayamba, asodzi ambiri sakulowa m'madzi, usipa wakwera mtengo. Ndinaona kuti kalata yanga munaitsegula. Zimenezo zandikwanira.

Ndamaliza Lachisanu. Ndinabwereza kachiwiri zonse zimene ndinakayikira. Pa mapulogalamu 214, okwana 163 akanawonongeka. Ena akanangoima. Ena akanapitiriza kugwira ntchito koma akupereka yankho lolakwika mwakachetechete, monga yanga inachitira. Ina ndi ya mtsikana wa Fomu 1 ku Nsanje, yonena tsiku limene agogo ake amwe mankhwala ati. Nditafika pa imeneyo ndinatseka laputopu, ndinapita kukakhala kuseri kwa nyumba yochapira.

Ndinasonkhanitsa anthu 26 kuti akakamize mayi wodwala kuphwanya ntchito za ana 163, kuti ine ndisachite manyazi pachitseko cha tchalitchi.

Koma ndapezanso china. Mapulogalamu 19 ali ndi cholakwa changa chomwe chija. Eni ake anayambira pa 1, ndipo woyamba pa mndandanda anasowa iwo osadziwa. Ina ndi ya amene asese kalasi. Kuli mwana wina ku Rumphi amene sanasesepo chaka chonse.

Ndalemba kalata imodzi yokha kwa Mayi Rosina. Ndaikopera pansipa. Sinditumiza ndekha. Inu muone: ngati ikuwonjezera mavuto, muisiye, sindidzafunsa. Ngati ndi yoyenera, mudikire nthawi imene iwo ali ndi mpata.

"Mayi Rosina, ine ndine Wezi amene ndinakusokonezani muli m'chipatala. Achimwene anga sananditume ndipo sanadziwe. Anandiuza kuti ndidikire, ine sindinamvere. Anthu 26 aja ndinawaitana ndine, ndipo mawu oipa amene analembedwa ndi mlandu wanga. Pepani.

Pempho langa ndikulibweza. Ndawerenga mapulogalamu onse 214 a masukulu ndipo 163 akanawonongeka. Mndandanda wake ndajambula, masamba 31. Ziro akhale.

Muli mapulogalamu 19 amene anataya woyamba monga ine. Ngati tsiku lina mudzakhale ndi mpata, mwina Tsinde ikhoza kumangofunsa munthu amene wayambira pa 1 kuti: Kodi mwasiya woyamba mwadala? Ikatero palibe pulogalamu yowonongeka. Ngati n'zosatheka, palibe kanthu. Sindikudikira yankho.

Mayi wina wa kwaya yathu amapempherera mwana wanu Lachinayi lililonse."

Ndi imeneyo, Achimwene. Mabisiketi a a Paston Ama anadya, akuti akanafika ku Lilongwe ataola.

Mlongo wanu,
Wezi


Kawale
20 Julayi 2025

Wezi mlongo wanga,

Uli bwanji? Ama ali bwanji? Ndakhala chete nthawi yaitali. Poyamba unali mkwiyo. Kenako anali manyazi, chifukwa kalata yako ya pa 30 Malichi ndinaiona, unafunsa ngati walakwitsa, ine ndinati ndiyankha mawa. Ndinkadziwa kuti Mayi Rosina ali m'chipatala. Mzere umodzi wokha ukanakwana. Mtolo uwu si wako wekha.

Kalata yako ndinaisunga masabata awiri. Ndinayamba ndayesa mapulogalamu 40 a pa mndandanda wako pakompyuta kuti ndikupeze cholakwa. Sindinapeze. Zinandikwiyitsa pang'ono. Kenako ndinatumiza.

Msonkhano unachitika dzulo pafoni. Ndikuuze mosabisa: kiyi sanandipatse. A Morgan anati akhulupirira kuti sindinatume munthu, koma akufuna aone kaye mmene ndimachitira anthu a kwathu akamandikoka malaya. Adzakambirananso mu Disembala. Kampani imene inkafuna kalata yawo kuti indilembe ntchito yalemba kale munthu wina. Zinandipweteka, sindinama. Lero ndabwerera pabenchi yanga, ndasintha magalasi a mafoni atatu.

Mayi Rosina anatuluka m'chipatala mu Meyi. Mwana ndi wamkazi, dzina lake Mwawi, akuti tsopano akulira ngati wa miyezi yokwana. Anandipatsa mawu awa kuti ndikupatse, ndakopera osasintha:

"Wezi, ndalandira. Tsiku lija ndinalira, sindikubisira, ndipo ndinaganiza zosiya Tsinde. Kuwerenga mapulogalamu a masukulu onse ndi ntchito imene takhala tikunena zaka zitatu kuti wina adzachita, palibe anaichita. Masamba ako 31 taika pa Bwalo kuti aliyense wofunsa za ziro aziyamba wawerenga. Funso lako lija ndi labwino koma si lophweka, chifukwa ena amayambira pa 1 mwadala ndipo sitifuna kuwatopetsa. Tidzaliyesa. Sindikulonjeza mwezi. Uwathokoze mayi opemphera aja."

Tsono imva izi. Ntchito yoyesa funso lakolo apatsa ine. A Morgan ndiwo ananena, akuti, "Popeza mlandu ndi wa pabanja." Ndiyenera kulilemba, liyesedwe pa mapulogalamu 19 ako aja ndi ena onse 195, kenako anthu anayi aliwerenge nthawi imene apeze. Mwina miyezi itatu. Mwina chaka. Mwina adzakana.

Unditumizire makope ako enieniwo pa basi, zithunzi zina sizikuoneka bwino. Uwauze a Paston kuti mabisiketi ndikuwadikirabe.

Ndine mwana wa ziro,
Lumbani


Chikale
3 Ogasiti 2025

Okondedwa Achimwene,

Mwe uli? Kalata yanu ndinawawerengera Ama kawiri. Za kiyi anangoti, "Disembala si kumwamba," n'kubwerera ku chinangwa chawo. Ine sindinathe kunena choncho. Ntchito ija mukanaipeza chikhala kuti si ine. Zimenezi masamba 31 sangafafanize, ndipo sindikufuna kuti muziyesa ngati afafaniza.

Makope ndapereka Lachisanu kwa kondakitala wa basi ya Lilongwe yodzera ku Nkhotakota, ndawakulunga m'pulasitiki kawiri. Nambala yake ndalemba m'munsi mwa pepalali. Pa tsamba 17 pali pamene ndinafufuta, yolondola ndi ya pamwamba. M'katimo muli usipa wouma wa kwa Ama, ndi mabisiketi mapaketi awiri. A Paston akuti imodzi ndi yanu, ina ndi ya a Morgan, "kuti aone kuti si tonse amisala." Mukaona mmene mungachitire.

Pulogalamu ya kwaya ndinakonza, tsopano ikuyambira pa ziro. Lero Mayi Naomi ndiwo anayambitsa nyimbo. Anaitenga pamwamba kwambiri moti a besi anasochera, koma palibe anadandaula. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundiuza kuti dzina la Mwawi alilemba m'chikuto cha buku lawo la nyimbo.

Pa Bwalo ndimayang'ana Loweruka lokha, kamodzi, ndikamaliza kusita. Dzulo ndinapeza mnyamata wina wa ku Kasungu walemba mokwiya kuti patha masiku asanu osamuyankha. Ndinalemba m'kope katatu, kenako ndinamuyankha kuti anthu a Tsinde ndi anayi, amagwira akaweruka ku ntchito zawo, ndipo mmodzi ali ndi khanda. Dzina lanu sindinatchule.

Za funso langa lija, ndikufunitsitsa kudziwa pamene mwafika. Ndalemba mzere umenewo kawiri m'kalata ino n'kuufufuta, mukuona pakuda apo. Sindikufunsani. Mudzandiuza nokha.

Ndingofunsa chimene Ama andituma: kodi mukudya?

Mlongo wanu,
Wezi